Tsiku Limene Bambo Anakapempha Supayi

Bambo anga anali mlimi wa fodya, ndipo ndinene chilungamo, wogula wawo wamkulu anali iwo eni. Kwathu ku Ngauma tinkalima chimanga chodya, fodya wogulitsa, ndi thonje la Apwitikizi, limene panalibe wolifuna koma aliyense ankalilima, poti wokana ankadziwa chomwe chimutsate. Fodya wosuta bambo ankapichira m'nyuzipepala zakale. Ankazitenga ku Mandimba kwa mnzawo wina wa Chiyao, wogulitsa mchere ndi sopo, amene ankaoloka malire kukapikula katundu ku Nyasalande n'kubwerako ndi mitolo ya mapepala okulungira malonda. Zolembedwa m'mapepalamo zinali za Chingerezi, ndipo m'mudzi mwathu munalibe wochidziwa. Nkhani za dziko lonse lapansi bambo ankangozisuta.

Tsiku lina m'dzinja la 1958, m'kati mwa mtolowo munapezeka tsamba loterera, lonyezimira, long'ambidwa m'magazini. Bambo anabenthula kangodya n'kuyesa kupichira, koma pepalalo linkangozima ndi kununkha, ndiye anapatsa mayi. Mapepala otere ntchito yake inali imodzi, kumata pakhoma ndi phala la chinangwa kuti nyumba ioneke ya anthu. Pakhoma pathu panali kale galimoto, mzimayi wachizungu wogwira botolo la mafuta odzola, ndi ng'ombe yonenepa kuposa ng'ombe iliyonse imene ndinaionapo ikuyenda.

Koma chithunzi ichi chinali china. Panali ana akuda, anyamata ndi atsikana, ovala bwino, nsapato kuphazi, mabuku m'manja, akulunjika pakhomo pa nyumba yaikulu. Mbali iyi ndi mbali iyo kunali asilikali achizungu, zipewa zachitsulo kumutu, mfuti m'manja. Mtsikana wina wa kutsogolo anali atakumbatira buku pachifuwa, nkhope ili gwa, osayang'ana uku kapena uku.

"Kalanga ine," anatero mayi, phala lili m'manja, "awagwira."

Panalibe wotsutsa. Ife msilikali tinkamudziwa. Kwathu anali supayi, munthu wakuda mnzathu wovala kabudula wa khaki ndi chisoti, wotumidwa ndi boma la Apwitikizi. Supayi akaima pambali pa munthu, ndiye kuti munthuyo akupita kukamenyedwa, kapena ku chibalo, kapena kumene sakabwerako. Tikangomva kuti supayi waoloka mtsinje, amuna ankathawira kuphiri, ife ana n'kumathamangitsa nkhuku kuti tizibise. Zoti munthu wa mfuti angaime pambali pa mwana wakuda ndi cholinga china, m'mutu mwathu munalibe malo ake.

Amayi a m'mudzi ankabwera kudzaona chithunzicho, ena mitsuko ili pamutu pomwe.

"Anabanji ana abwinobwino chonchi?" anafunsa wina.

"Kuba ayi, taonani nsapato," anayankha mnzake. "Makolo awo anakana thonje basi. Akupita nawo ku Santome amenewa, kuchilumba kuja anakatayako mwamuna wa anzathu a kutsidya."

"Nanga chingwe chili kuti? Wogwidwa amam'manga m'chiuno."

"Kumeneko n'kwa anthu olemera, amaopa kudetsa madiresi."

Mayi nkhaniyi inawakhudza kuposa onse. Lamulungu anawapempherera anawo. Lolemba anathyola munga wa mthethe n'kuboola maso a asilikali onse a pachithunzipo, mmodzimmodzi, osasiyako ngakhale wa kumbuyo amene ankaoneka theka la nkhope. Anati ayende ali akhungu, amve kukoma kwake.

Ine maso anga sanali pa mfuti, anali pa mabuku. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sukulu ndinkaikonda mochititsa manyazi. Kasukulu kathu kanali kaudzu, Lamulungu kankasanduka tchalitchi, ndipo mphunzitsi wake anali katekisiti yemweyo. M'mawa tinkayamba talima m'munda mwake, dzuwa likakwera ndiye n'kulowa kukaimba mayina a mitsinje ya kwawo kwa Apwitikizi, ife osadziwa n'komwe kumene mtsinje wathu wa Lugenda umachokera. Komabe Chipwitikizi ndinachigwira, kuwerenga ndi kulemba komwe. Makalasi anali atatu okha. Ine ndinali nditawamaliza, ndipo buku lomaliza ndinali kulibwereza kachiwiri poti kunalibe kopita. Ku mishoni ankatengako anyamata awiri kapena atatu, ife atsikana ankati tikaphunzire kusoka ndi kusita. Sukulu yeniyeni ya boma inali ku Cuamba, ndipo inali ya ana a azungu, amwenye, ndi akuda owerengeka amene makolo awo anali ndi chikalata chonena kuti anasiya kukhala ngati ife. Komanso kumeneko mwana akapitirira msinkhu sankamulandira. Nthawi inkandithera. Kapitawo wa thonje anali atayamba kale kufunsa mayi ngati ndakula, chifukwa mtsikana akakula ankamuyezera ndime yakeyake.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe kunabwera amalume, mlongo wawo wa mayi, amene ankaphikira mzungu wina ku Zomba. Anafika pa njinga, chipewa kumutu, magalasi m'maso, Chingerezi chili pakamwa, monga mmene ankachitira anthu a ku Nyasalande akabwera kudzationa ife a kuno. Atalowa m'nyumba anaima pa chithunzi chija n'kuyamba kutsata ndi chala timalemba ta m'munsi mwake, milomo ikugwedera. Kenaka anaona timabowo ta m'maso mwa asilikali.

"Achemwali, wachita izi ndani?"

"Ndine," anatero mayi. "Ndipo akanakhala pafupi sindikanatengera munga."

Amalume anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

"Achemwali inu, ana awa sanawagwire! Akuwaperekeza ku sukulu!"

Anafotokoza motere. Kumeneko ndi ku Amereka. Akuda a kumeneko ndi zidzukulu za akapolo, ndipo m'zigawo zina ankawaletsa kuphunzira pamodzi ndi azungu, monga kwathu komwe. Bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti tsankho limenelo lithe. Koma mu mzinda wina, ana akuda asanu ndi anayi atapita kukalowa sukulu ya azungu, bwanamkubwa wa chigawocho anaika alonda ake pakhomo kuti awabweze, ndipo chikhamu cha azungu, amayi akuluakulu omwe, chinasonkhana kudzatukwana ana. Ndiye pulezidenti anatumiza asilikali ake a nkhondo kuti aziwalowetsa anawo m'kalasi ndi kuwalondera. Amalume anawonjeza kuti pa wailesi ya abwana awo anamvanso za mzinda wina kumene akuda anakana kukwera mabasi chaka chathunthu, n'kumayenda pansi, mpaka lamulo lowakhazika kumbuyo linagwa.

Mayi anagwira pakamwa. "Ndiye kuti ndaboola maso a anthu osalakwa?" Tsiku lomwelo anaphika phala pang'ono n'kumata timabowo tonse ndi kamtengo, akupepesa chamumtima.

Bambo sanaseke. Anauza amalume kuti abwereze nkhaniyo, n'kubwerezanso kachitatu. Kenaka anafunsa.

"Alamu, tandiuzani. Amereka ndi Mpwitikizi, wamkulu ndani?"

"Aa, alamu, n'kufunsa kumeneko? Mpwitikizi ndi kamwana. Ngakhale Mngerezi amene amavula chipewa kwa Amereka."

"Basi," anatero bambo, "mlandu uwu unatha kale. Kungoti uthenga sunafike kuno."

Muyenera kumvetsa mmene bambo ankaganizira, chifukwa sanali chitsiru, ndipo amene angawatche chitsiru ayambana ndi ine. Kwathu mlandu ukaweruzidwa pa bwalo la mfumu yaikulu, nyakwawa sangautembenuze. Wopambana amangotenga chizindikiro cha chigamulocho, kaya mboni kaya ndodo ya mfumu, n'kupita nacho kwa nyakwawa, nkhuku ili m'khwapa poti pabwalo safika chimanjamanja, ndipo nyakwawa amaomba m'manja n'kutsata. Bambo ankaona azungu onse ngati mbumba imodzi, khungu limodzi, Mulungu mmodzi amene anachita kutibweretsera okha. Ngati wamkulu wa mbumbayo wagamula kuti mwana wakuda alowe sukulu, mpaka kutumiza asilikali, kamfumu ka m'dera lathu ndi ndani kuti kakane? Chizindikiro chake chinali pakhoma pathu.

Amalume ankamanga katundu pa njinga pamene bambo anawauza zimene akufuna kuchita. Iwo anangoti, "Alamu, uko ndi ku Amereka," akuseka, n'kupalasa ulendo wa ku Zomba. Munthu woti wakhala m'khitchini mwa azungu zaka zonsezo, wodziwa mtima wawo ngati mphika wake, mwini mbumba wanga, anaona kuti mawu asanu akwana. Ankayesa kuti bambo akucheza. Akanangotsika pa njingapo n'kukhala pansi kanthawi kochepa, mwina zonsezi sindikanalemba. Anamwalira ndisanawakhululukire bwinobwino kuseka kumeneko.

Mayi ndiwo anakana kwamtuwagalu.

"Abambo inu, mwayamba misala? Anthu amathawa supayi, inu mukufuna kukamuitana? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mwanayu kasukulu ali nako, musiyeni azibwereza buku lakelo mpaka atatopa."

"Azibwereza mpaka liti?" anatero bambo. "Mpaka kapitawo abwere ndi chingwe choyezera? Mwana wamutu ngati uyu athere m'thonje la eni?"

Anakangana milungu iwiri. Ndipo apa ndivomere mbali yanga. Ine sindinakhale chete ngati mwana waulemu. Ndinkayenda pabwalo buku lili pachifuwa, khosi lili njo, kutengera mtsikana wa pachithunzi uja, makamaka bambo akakhala pakhonde. Ndinkawatengera madzi osamba asanapemphe. Ndinkawawerengera Chipwitikizi mokweza, iwo osamva kanthu koma akugwedeza mutu. Ndinkadziwa chimene ndinkachita.

Tinanyamuka m'mamawa, bambo ndi ine. Anavala jekete lawo la ku tchalitchi, m'thumba muli kadeneta, kabuku kamene mwamuna aliyense wakuda ankayenda nako. Ananyamula thadzi lathu loikira bwino kuposa onse, ndi nkhata ya fodya wopota. Chithunzi anachimatula pakhoma ndi nsonga ya mpeni n'kuchikulunga m'tsamba la nthochi lowamba. Ine ndinavala diresi langa limodzi lomwelo n'kutenga buku langa. Tinagona kwa achibale panjira, ndipo m'mawa mwake tinafika pa posito, ofesi ya mzungu wolamulira dera lathu, amene tinkamutchula kuti shefu.

Pansi pa mtengo wa mango panali anthu ambiri, onse ochita kuitanidwa, nkhope zili zyoli. Mkulu wina anafunsa bambo kuti mlandu wawo ndi wotani.

"Ine ndilibe mlandu," anatero bambo mokweza. "Ndabwera kudzapempha supayi."

"Mwati kudzatani?"

"Kudzapempha supayi woti aperekeze mwana wangayu ku sikola ya ku Cuamba."

Anthu anasendera kutali ngati tili ndi nthomba.

Dzuwa lisanafike pamutu anatiitana. Shefu anali pakhonde, kuseri kwa tebulo, mzungu wachinyamata wotuluka thukuta. Pambali pake panaima womasulira, munthu wakuda wovala nsapato ndi tayi. Bambo ananjuta, anaomba m'manja mwa ulemu wonse, anaika thadzi ndi fodya pansi pa masitepe, n'kuyamba kulankhula mofatsa ngati pabwalo.

"Sinyoro, ndabwera ndi mawu ochokera ku bwalo lalikulu. Mwina kalata yake inachedwa panjira, poti kuno n'kutali. Akuluakulu anu a ku Amereka anagamula kuti ana akuda azilowa sikola ya azungu. Ine wanga ndi uyu. Sindikupempha asilikali ambiri ngati anzathu aja, mmodzi yekha akwana. Kamba wake wa panjira ndi wanga."

Nkhope ya womasulira inatuwa. Poti Chipwitikizi ndinkachimva, ndinamva zimene anauza shefu. Anati munthuyu akupereka moni ndi mphatso, ndipo akungofunsa za sukulu ya mwana. Kenaka anatembenukira kwa bambo n'kulankhula chapansipansi, mano ali chilumire.

"Bambo, tengani mwana muzipita. Chonde, muzipita."

Munthu ameneyo anayesa, ndipo ndimamukumbukira pa chimenecho. Koma bambo anali atamasula kale tsamba la nthochi. Anakwera sitepe imodzi, anaika chithunzi pa tebulo, n'kuchisalaza ndi chikhatho kuti shefu aone bwino.

Shefu anachiyang'ana nthawi yaitali. Khosi lake linafiira. Analamula womasulira kuti anene zonse zimene bambo analankhula, osasiya liwu, ndipo iye ananena, maso ali pansi. Kenaka mafunso anayamba, ndipo bambo anga, amene sankanama ngakhale pogulitsa fodya wonyowa, ananama katatu kuti apulumutse mnzawo wa ku Mandimba, amalume ndi mayi.

"Pepala ili walitenga kuti?" anafunsa shefu.

"Ndinatola panjira, Sinyoro."

"Anakuwerengera ndani?"

"Palibe, Sinyoro. Chithunzi sichifuna wowerenga."

Shefu anakweza pepalalo kudzuwa. Phala la mayi lija linali litagwa panjira, ndipo kuwala kunatulukira m'timabowo tonse.

"Nanga maso a asilikali awa anaboola ndani?"

"Njenjete, Sinyoro."

"Njenjete yosankha azungu okhaokha?"

Shefu anatembenukira kwa ine n'kundifunsa m'Chipwitikizi ngati ndimadziwa kuwerenga. Ndinati mumtima, mayeso olowera sukulu ndi amenewa. Analoza chipepala chokhomedwa pa chitseko, ndipo ine ndinaima chilili n'kuwerenga mokweza, osadodoma, liwu lililonse m'malo mwake. Chinali chidziwitso cha masiku a msika wa thonje ndi chilango cha wobweretsa thonje la zinyalala. Nditamaliza ndinayang'ana bambo. Anali akumwetulira, mano onse pamtunda, poganiza kuti mlandu tawina.

"Waona?" anatero shefu kwa womasulira. "Ukawapatsa buku lachitatu zotsatira zake ndi zimenezi. Uyu waphunzira kale mopitirira."

Mpaka lero ndikakumbukira mmene ndinakometsera mawu pakhonde lija ndimafuna kudzitsina. Ndinkayesa kuti ndikudzitsegulira chitseko, osadziwa kuti ndikupereka umboni wondimangira ndekha.

Anaitanitsa mbalamatodya, thabwa lija lokhala ngati chipande, loboolaboola kuti lizikoka mnofu. Anawamenya bambo m'manja, dzanja ili kenaka ili, ine ndili pomwepo. Sindinawerenge kuti kangati. Bambo sanalire. Ankangonena kuti, "Mwana achoke, mwana asaone," ndipo mawu amenewo panalibe anawamasulira.

"Wapempha supayi mmodzi," anatero shefu atatopa kuonerera. "Ine ndine wopatsa, ndikupatsa awiri."

Woyamba anamanga bambo chingwe m'chiuno n'kupita nawo kukadikira lole ya ku Cuamba, kukagwira chibalo cha miyezi isanu ndi umodzi. Wachiwiri anapatsidwa kalata yopita kwa mphunzitsi wathu, ndi ine woti andibweze kumudzi. Thadzi linalowera kukhitchini kwa shefu, fodya n'kulowa m'thumba la supayi. Pempho analikana, koma mphatso sanabweze.

Supayi wanga anandikweza pa njinga yake. Pa mtsinje wa kufupi ndi kwathu tinatsika poti pali chitunda, n'kuyamba kuyenda pansi. Choncho ndinalowa m'mudzi mwathu dzuwa likupendeka, buku pachifuwa, msilikali pambali, monga momwe ndinkafunira. Amayi amene anali pamtondo anasiya minsi n'kuyamba kulira, mayi anga patsogolo. Ulendo uno sanalakwitse kumasulira.

Mphunzitsi anawerenga kalatayo kawiri. Analowa m'nyumba, anatulutsa kaundula, n'kudula mzere pa dzina langa supayi akuona.

"Bweretsa bukulo," anatero, "ndi la sikola."

"Aphunzitsi, ine ndalakwanji?"

"Usadzafikenso pano, ungatiphetse tonse."

Munthu ameneyu ndinamulimira munda zaka zinayi. Ankandiimika kutsogolo akabwera ansembe, kuti aone mmene amaphunzitsira bwino. Tsiku limenelo sanandiyang'ane n'kumaso komwe, ndipo Lamulungu lotsatira analalikira za kumvera olamulira, ine ndi mayi tili pamphasa kutsogolo kwake. Ndikudziwa kuti anali ndi mantha, ndipo anali ndi ana ake oti adyetse. Ndikudziwa zonsezo, koma mkwiyo wanga sunamvepo zimenezo mpaka lero.

Mvula isanagwe kapitawo anabwera ndi chingwe chake n'kundikhomera zikhomo. Sanafunsenso ngati ndakula. Anati mtsikana wodziwa kuwerenga malamulo a thonje sangalephere kulilima.

Chimene chinkandiwawa kwambiri chinali pakamwa pa anthu. Dzina la bambo linasanduka choseketsa pa mowa. Munthu akaponda moto kapena akagula mbuzi yodwala, anzake ankamuuza kuti wakapempha supayi. Ndipo oseka kwambiri anali amuna omwe aja othawira kuphiri, amene ankasiya akazi ndi ana kuti ayankhe mafunso a supayi okha. Mmodzi wa iwo ndinamuyankha pachitsime, anthu akumva, kuti bambo anga anapita ku posito ndi miyendo yawo, pamene iye miyendo yake imangodziwa njira ya kuphanga. Mayi anandikwapula chifukwa cha mwano, koma sanakwapule mwamphamvu.

Za ana a ku Amereka aja ndinadzazidziwa bwino patapita zaka zambiri, ndili mayi, titathawira nkhondo ku Malawi, nditatola Chingerezi m'mabuku a ana anga. Ndinapeza kuti nakonso chinali chikomekome cha mkuyu. M'kati mwa sukulumo anawo ankatukwanidwa, kukankhidwa ndi kulavuliridwa tsiku ndi tsiku, ndipo chaka chotsatira bwanamkubwa uja anatseka sukulu za sekondale za mumzindamo, kulolera kuti ana a azungu omwe akhale pakhomo kusiyana n'kuti akhale pa benchi limodzi ndi wakuda. Dziko lotani limene mwana amafunika mfuti kuti akaphunzire masamu? Komabe nsanje ndili nayo, ndisaname. Iwo analowa. Dziko lonse linaona nkhope zawo, mpaka ife a ku Ngauma tinawapempherera. Ndinapezanso kuti pa zaka zimenezo Amereka ndi Mpwitikizi ankadyera mbale imodzi, ndipo chibalo chathu sichinamuletse Amereka kudya. Bambo sanalakwitse ponena kuti azunguwo ndi pachibale ndipo wamkulu ndi Amereka. Analakwitsa poganiza kuti wamkuluyo angadzudzule mng'ono wake chifukwa cha mwana wa mlimi wa fodya.

Ku Cuamba bambo anawaika m'gulu lokumba ngalande za m'mbali mwa msewu. Anadzatiuza pambuyo pake kuti milungu ingapo anakumba pa msewu wodutsa pa sukulu yomwe ija. Ankamva belu m'mawa, ankaona ana akulowa, mazenera agalasi akunyezimira. Akatero ankadzitonthoza kuti palibe kanthu, zalephereka, koma wanga nayenso pano ali m'kalasi, ngakhale kaudzu. Za kalata ija sankadziwa, poti shefu anailemba iwo atachoka kale pakhonde. Anthu a kwathu opita ku Cuamba mayi ankawapempha kuti akawaona bambo asawauze, chifukwa munthu wa pachibalo amafunika kanthu komugwira mtima.

Anabwerako mvula itagwa, thonje lili m'mawondo. Sanayambire kunyumba. Analunjika ku kasukulu kaja, poti inali nthawi ya maphunziro, n'kuima pa kabowo ka zenera kufunafuna mutu wanga. Anayang'ana mzere woyamba, kumene ndinkakhala, anayang'ana mizere yonse mpaka kumbuyo. Mphunzitsi anapitiriza kuimbitsa ana ngati sakuwaona. Mayi wina wodutsa ndi nkhuni ndiye anawalozera kumunda.

Ine ndinali kupalira. Nditaweramuka ndinaona munthu wowonda ataima m'malire mwa ndime yanga, chiguduli paphewa, jekete lija palibe. Ndinawazindikira ndi kaimidwe. Anayang'ana zikhomo za kapitawo, anayang'ana khasu, anayang'ana ine. Kenaka bambo anga, munthu wa imvi, ananjuta pa dothi lonyowa patsogolo pa mwana wawo n'kuyamba kuomba m'manja. Zala ziwiri za kumanja zinali zitauma, ndipo manjawo sankakumana bwino.

"Mayi," anatero, "ndakulakwirani. Kochepa kamene munali nako ndakutayitsani ndine."

Ndinaponya khasu pansi. Ndinali ndisanawakalipirepo bambo chibadwire, koma tsiku limenelo ndinakuwa mpaka a m'minda yoyandikana anaweramuka.

"Dzukani! Dzukani, bambo, anthu akuona! Mwalakwa chiyani inu?"

Ndinkalira ndi ukali, osati chisoni. Shefu anali pakhonde pake akudya bwino. Mphunzitsi ankaimbitsa mitsinje ya eni. Amalume anali ku Zomba, kapitawo anali pa njinga yake, oseka aja anali pa mowa. Pa anthu onse amene anandilanda sukulu, wobwera kudzagwada m'matope anali yekhayo amene anayesa kundipatsa.

Anakana kudzuka mpaka nditanena kuti ndakhululuka, ndipo ndinanena, ngakhale panalibe choti ndikhululuke. Atatero anatola khasu langa ndi manja awo opindikawo n'kuyamba kupalira pamene ndinasiyira. M'kalasi sindinalowemonso.